Kagalimoto Kokhotera Kumanzere

Dzina loti Kanyundo anam'patsa ndi anzake a kugalaja, ndipo linam'khala bwino moti ngakhale mkazi wake akapsa mtima ankamuitana lomwelo. Ntchito yake inali yowongola magalimoto ogundidwa ndi kuwapaka penti. Anali munthu wamfupi, wamutu waukulu, wa zala zokhakhala ngati chidendene, koma zalazo zikayenda pachitseko cha galimoto zinkamva pamene papindika, pomwe mwini galimotoyo akulumbira kuti palibe vuto. Chinthu chokhota mkuluyu sankachipirira. Akalowa m'nyumba ya eni n'kupeza chithunzi chapendekeka pakhoma, moni ankayankha ali chiimire, akuchiwongola. Poto akagwa pansi n'kubonyoka, mkazi wake ankathamangira kukam'bisa, podziwa kuti bamboyo akangomuona, poto apita kugalaja ndipo chakudya chipsa mawa.

Ana atakula n'kuchoka pakhomo, chipinda chawo sichinakhale nthawi chili chopanda kanthu. Kanyundo anakhomamo mashelefu kuchokera pansi mpaka kudenga, n'kusanjikamo timagalimoto take tachitsulo, totalika ngati chala chapakati. Munali timabasi, timalole, timathirakitala, tozimitsa moto ndi tonyamula odwala. Tina tinali tatsopano, tosatulutsidwa m'mapaketi ake, ndipo timeneti ankatipachika pamisomali kukhoma loyang'anizana ndi chitseko kuti wolowa aliyense ayambe kuona ito. Tina ankatitola Loweruka pamsika wa zinthu zakale, atanjuta pamulu wa zidole zosweka, akufukula ngati nkhuku. Akabwera nato kunyumba ankatiphwasula, kutisuka ndi mswachi wakale, kutiwongola ndi kutipaka penti, mpaka tioneke ngati sitinaseweredwepo ndi mwana.

Lamulo la m'chipindamo linali limodzi, ndipo alendo ankalimva asanapondemo n'komwe: "Kuona ndi maso, osakhudza."

"Azimayi anzanga amalira kuti bambo akwatira wachiwiri," mkazi wake ankatero kwa alendo, akuthira tiyi. "Ine anzanga adzaza mashelefu. Ubwino wake sadya."

"Komanso sayankha," Kanyundo ankatero ali m'kati, ndipo alendo ankaseka, osadziwa kuti nthabwala imeneyi yakalamba kuposa mipando imene akhalapoyo.

Anthu ankayesa kuti chidwi chimenechi chinabwera ndi ntchito ya kugalaja. Ayi ndithu, chinayamba kale, ndipo amene anachiyambitsa ndi achimwene ake. Iye ali wamng'ono, bambo awo anabwera tsiku lina ndi kagalimoto kofiira m'thumba la jekete, kamodzi kokha, n'kukapereka kwa wamkulu. Achimwene akewo kanthuko ankagona nako, kusamba nako, kupita nako kusukulu. Mng'ono wawo akangotambasula dzanja, mawu ankatuluka omwewo: "Usakhudze, Chimutu iwe, ungaononge." Anakula onse awiri, anakwatira, anachita imvi, koma Kanyundo kagalimoto kaja sanakagwirepo. Achimwene ake anadzakhala telala, ndipo ankakasunga m'kadilowa ka makina osokera, pamodzi ndi singano ndi mabatani. Kanyundo anadzaza chipinda chathunthu, koma kunena zoona, zonsezo ankangozungulira kamodzi kofiira kaja.

Ndiye matenda anabwera, aja oiwalitsa. Atelala anayamba ndi kuiwala muyezo wa makasitomala, kenako anasoka thumba la buluku kunsi kwa bondo, kenako tsiku lina anakhala pamakina n'kumangowayang'ana, osadziwa kuti phazi limaponda pati. Makina anawaphimba ndi nsalu. Mayina a anthu anayamba kuthothoka limodzilimodzi, ndipo la Kanyundo silinachedwe. Akabwera kudzawaona, ankamulandira mwaulemu wonse.

"Takulandirani, bambo. Mwabwera kudzayezetsa suti?"

"Ndine mng'ono wanu, achimwene."

"Oo, chabwino. Khalani pansi, bambo, tikuthandizani."

Mawu oti "bambo" amenewo ankamubaya Kanyundo kuposa kutukwanidwa. Munthu amene anakuberekapo kumsana akamakupatsa ulemu wa mlendo, zimawawa.

Chimene matendawo sanachikhudze chinali kagalimoto. M'mawa uliwonse mlamu wake wa Kanyundo, mkazi wa atelala, ankawakhazika amuna ake patebulo lalikulu lodulirapo nsalu, n'kuwaikira kanthuko patsogolo. Atelala ankakakankha ndi dzanja lamanja. Kagalimotoko sikankayenda molunjika: kankapita patsogolo pang'ono, n'kuyamba kukhotera kumanzere, kuzungulira, mpaka kudzagunda chikhatho chawo chamanzere chimene chinkadikira kale. Akakagwira ankaseka, kukasisita padenga ndi chala chachikulu, n'kukabwezera kudzanja lamanja. Pa nthawi yosekayo m'pamene mlamu ankalowetsa supuni ya chakudya. Kagalimoto kakazungulira, supuni imodzi, kakazunguliranso, ina. Umu ndi momwe atelala ankadyera, ndipo njira ina panalibe.

Chaka china kutazizira, atelala anagwidwa chibayo n'kugonekedwa m'chipatala, akudyera m'madiripi. Mlamu anam'tuma Kanyundo kuti akatenge bulangete kunyumba. Analowa m'nyumbamo yekha masana, nyumba ili zii, ndipo patebulo paja anakapeza kagalimoto kali pokha. Anaima nthawi yaitali bulangete lili kukhwapa. Kenako, bambo wa imvi zake, anayang'ana kuchitseko ngati mwana wofuna kuba shuga, n'kukanyamula.

Kanali kolemera bwino m'manja, kachitsulo chenicheni cha kale. Koma kanali katatha, abale. Penti padenga inali itachokeratu, patangotsala chitsulo chotuwa chosalala. M'mbali munali mikwingwirima yokhayokha. Atakatembenuza, zala zake zinapeza vuto maso asanalione: kawaya kogwira matayala akutsogolo kanali kopindika. N'chifukwa chake kankakhota. Zaka zonsezi achimwene ake akhala akusewera ndi galimoto yowonongeka, mng'ono wawo ali katswiri wowongola! Mtima unamuuza kuti awakonzere ikhale mphatso yotulukira m'chipatala. Chikondi chinalipo, tisam'namizire, koma kunalinso kuyabwa kwa zala kuja kosaona chokhota n'kuchisiya.

Anakagwirira ntchito ngati galimoto ya bwana. Anawongola kawaya ndi pulayazi yaing'ono, anapala penti yotsalira, anasakaniza yofiira mpaka ifanane ndi imene ankaikumbukira, n'kupaka. Katauma kanali psuu, waliwali, ndipo atakakankha patebulo lake kanayenda molunjika ngati pamzere wa rula. Anaitana mkazi wake kuti adzaone.

"Kakongola," anatero mayiyo. "Alamu munawafunsa?"

"Kufunsa chiyani? Mphatso amafunsa?"

Tsiku limene atelala anatuluka, Kanyundo anafika atatchena, kanthu kali m'kansalu koyera. Anawakhazika patebulo paja, mlamu ataima pambali ndi mbale ya phala, ndipo iye anafunyulula kansaluko monyadira. Atelala anakayang'ana. Anaika chala chachikulu padenga, n'kuchichotsa msanga ngati apsa. Komabe anakakankha, dzanja lamanzere litadikira pamalo pake pa masiku onse. Kagalimoto kanathamanga molunjika, kuwoloka tebulo lonse, n'kukagwera pansi kutsidya, khoo! Dzanja lija linangotsala lili chotambasula.

"Si kanga aka," anatero atelala. "Kanga kamabwera. Ndani watenga kanga?"

Mlamu anayesa supuni, iwo anatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Anayesanso, anaikankha mpaka phala linatayikira pamalaya. Mayiyo anaika mbale pansi mwakachetechete, n'kumukokera Kanyundo kukhonde.

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Kanali kopindika, alamu. Ndangokonza."

"Anakutumani ndani? Munthuyu waiwala ana ake, waiwala ine amene ndimamusambitsa, chimene chinam'tsalira n'chakuti akakankha kanthu kaja kamabwerera. Ndiye inu mwakawongola. Mwawongola! Tsopano adyetseni ndinu."

Kanyundo anatembenuka pomwepo. Anabwerera m'nyumba, anatola kagalimoto pansi pa mpando, n'kunena chinthu chimodzi chokha: "Ndikabweza momwe kanalili."

Ankaganiza kuti ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Kuononga n'kovuta ngati? Atafika kunyumba anatenga pulayazi, anapinda kawaya pang'ono, n'kukankha. Kanayenda monjenjemera n'kuima. Anapindanso, tayala linagwira chitsulo, kagalimoto kanangotembenuka pamalo amodzi. Atafuna kubwezera, anaona kuti pamene wapindapo payamba kuyera, ndipo munthu wa zitsulo amadziwa tanthauzo lake: waya wakale ukamupindapinda amaduka. Kuika watsopano sikukanathandiza, chifukwa matayala akalewo anafinyiridwa kumapeto kwa waya yemweyo, ndipo kuwachotsa kunali kuwaswa. Anaika pulayazi pansi, thukuta lili kamukamu. Apa anazindikira kuti wangotsala ndi mpata umodzi wopinda, ndipo asanauyese ayenera kuphunzira pa timagalimoto tina.

M'mawa mwake anapita kwa mlamu wake ndi pepala lalikulu ndi choko cha atelala omwe. Mlamu sanam'patse mpando. Iye anawerama patebulo lodulira nsalu lija, kuliyang'ana chopendekera kumene kumachokera kuwala kwa pawindo, monga amachitira pofufuza pobonyoka pa galimoto. Njira inalipo. Matayala anali atadya polishi ya tebulo pang'onopang'ono, n'kusiya kamzere kotuwa kozungulira, kochokera kudzanja lamanja kukathera kulamanzere. Anakajambula papepala mosamala, n'kukakoperanso patebulo la m'chipinda chake. Potuluka anasuzumira kuchipinda: achimwene ake anali atagona choyang'ana kukhoma, kapu ya tiyi itazizira pampando.

Anayamba ndi timagalimoto take tokonzedwa tija. Ankapinda, kukankha, kuyang'ana mzere wa choko, kupindanso. Tina tinkakhota kwambiri, tina tinkagwa chagada. Koma posachedwa anaona kuti akutaya nthawi, chifukwa m'timeneti anali ataikamo yekha mawaya olimba a masipoko a njinga, amene sapindika ngati waya wa kufakitale. Ofanana ndi wa kofiira kaja anali m'tija ta pakhoma, tosatsegula.

Mkazi wake anam'peza ataima patsogolo pa khomalo, lumo lili m'manja.

"Inu, mukudwala? Mdzukulu wanu analira mpaka kusanza chifukwa cha kabasi kameneko, simunam'patse."

"Ndikudziwa."

"Ndiye lero mukufuna kukang'amba nokha?"

"Achimwene sakudya," anatero, n'kudula paketi.

Phokoso la pulasitiki yong'ambika linamulowa mpaka m'mano, koma sanaime. Kabasi kanapindidwa, kanakankhidwa, kanaphonya. Anatsitsa kalole, kenako konyamula odwala kamene anakasakasaka zaka zambiri asanakapeze. Pansi panadzaza makatoni ong'ambika, ndipo misomali pakhoma inayamba kuonekera yokhayokha. Mkazi wake sananenenso za akazi anzake aja. Anakoka mpando n'kukhala kumapeto kwa tebulo, kumawakha tikamagwa, n'kumanena kuti, "Aka kanatsala pang'ono," ngakhale pamene sikanatsale pang'ono.

Za penti nazo zinali ndi ntchito yake. Anaichotsa padenga ndi mankhwala osungunulira penti, koma chitsulo chinatuluka chowala mopitirira, chosafanana ndi chija chodyedwa ndi chala cha munthu. Ndiye anayamba kuyenda nako m'thumba la ovolosi pamodzi ndi makiyi ndi timabawuti kuti kakandike, ndipo akapeza mpata kuntchito ankakatulutsa n'kumakasisita padenga ndi chala chake chokhakhalacho. Anzake a kugalaja atamva nkhaniyi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Akulu, mwasintha ntchito? Tikubweretsereni magalimoto abwinobwino muziwabonyola?"

"Bweretsani," anayankha osadzutsa mutu. "Muona kuti si zamasewera."

Ndipo sizinali zamasewera. Moyo wake wonse manja ake anaphunzira njira imodzi, yochoka kokhota kupita kowongoka. Akati apinde, dzanja linkabwezera lokha asanaliuze, ngati likuchita manyazi. Ankalikalipira mokweza, mkazi wake n'kumayesa kuti m'chipindamo mwalowa munthu.

Tsiku lililonse akaweruka ankadutsira kwa achimwene ake, ndipo nkhani inali yomweyo. Ankamwa tiyi pang'ono, mwina kabuledi konyika, basi. Kolala ya malaya inayamba kuwakulira. Namwino amene ankabwera kudzawaona anauza mlamu kuti zikapitirira chonchi abwerera kuchipatala, akawaike kapaipi m'mphuno. Mlamu anam'fotokozera Kanyundo zimenezi ali pakhomo, osapsa mtima, ndipo kusapsa mtimako kunamuwawa kwambiri kuposa kukalipa kuja.

"Mungowagulira kena kokhota, alamu," anatero mayiyo motopa.

"Ayi. Chala chawo chikadziwa. Ndi komweko kapena palibe."

Loweruka lotsatira sanapite kumsika. Pofika nthawi imeneyo anali atapeza chinsinsi chake: waya sankafunika kupindidwa pakati, koma pafupi ndi tayala lamanzere, ndiponso chobwerera kumbuyo pang'ono, osati chokwera. Timagalimoto tingapo totsatizana tinatsata mzere wa choko mpaka kumapeto. Anasamba m'manja, anapukuta magalasi, anatenga kofiira kaja. Mkazi wake anaima pakhomo atagwira pakamwa. Anapanikiza pulayazi pang'onopang'ono, mpweya ataugwira, ndipo asanafike pamene ankafuna, zala zake zinamva kawaya kakulira, the! Anasiya pomwepo. Sikanaduke, koma kanali katang'aluka, ndipo kukakhudzanso kunali kukamaliza.

Anakaika poyambira mzere n'kukankha. Kanapita patsogolo, kanakhotera kumanzere bwinobwino, mosanjenjemera. Koma kanazungulira patali, kunja kwa choko, n'kukathera m'mbali mwa tebulo, kutali ndi pamene pakanakhala dzanja lodikira. Anayesanso, chimodzimodzi. Kanyundo anakhala pansi n'kuyang'ana khoma lake la misomali, ndi mulu wa timagalimoto topindika miyendo.

"Ndalephera," anatero.

"Kakukhota," anatero mkazi wake. "Valani nsapato. Kolephera mukakuonera komweko."

Anawapeza atelala atakhazikidwa patebulo, mutu uli chowerama, manja ali pamiyendo. Mlamu anabweretsa mbale mosayembekezera kanthu. Kanyundo anasendera pafupi. Anaika kagalimoto patsogolo pawo, wopanda kansalu, wopanda mwambo, n'kukakhala pampando wa kumbali ya tebulo, kumanzere kwawo, manja ataika pansi pa tebulo monga ankachitira ali mwana.

Panapita nthawi atelala asanasunthe. Kenako dzanja linakwera, chala chachikulu chinagwera padenga lotuwa lija, n'kuyamba kusisita. Sichinachoke. Anakatembenuza, kukanunkhiza, kukaikanso pansi. Dzanja lamanzere linatambasuka n'kukhala pamalo pake. Anakankha.

Kagalimoto kanapita, kanayamba kukhota, ndipo nkhope ya atelala inayamba kumasuka. Koma kanapitirira, kanalambalala chikhatho chawo patali, kakulunjika kumphepete kumene kunakhala Kanyundo. Kakanagwanso pansi. Dzanja lake linatuluka lokha pansi pa tebulo n'kukagwira.

Atelala anayang'ana chikhatho chawo chopanda kanthu, kenako anatsatira ndi maso njira imene kanadutsa, mpaka anafika pa zala zokhakhala zija, pamkono, paphewa, pankhope. Anamuyang'ana nthawi yaitali atakwinya pachipumi. Kanyundo ankawadziwa mawu amene akubwera, anawamva kuyambira akukwawa, ndipo anayamba kale kuchotsa dzanja.

"Iwe Chimutu," anatero atelala, "ukungokakumbatira bwanji? Kakankhe kabwere kuno."

Mlamu anatsala pang'ono kugwetsa mbale. Kanyundo sankaonanso bwino, magalasi anali atachita nkhungu, koma anakatembenuza n'kukakankha. Kanakhotera kumanzere monga mwa khalidwe lake, kanazungulira, n'kukagunda chikhatho cha achimwene ake. Atelala anaseka, kuseka kwawo kuja kotsegula pakamwa ponse, ndipo mlamu, mayi wochenjera, supuni anali nayo kale pafupi.

Kuyambira pamenepo kagalimotoko sikabwereranso kokha. Kamafuna munthu wachiwiri. Choncho nthawi ya chakudya ikakwana, m'mawa ndi masana, Kanyundo amasiya nyundo pabenchi, ngakhale galimoto ya kasitomala ili pakati, n'kuyenda ulendo wa kwa achimwene ake ovolosi ili m'thupi. Masiku ena amamutchula Chimutu, masiku ena amabwerera ku "bambo" n'kumufunsa za suti, ndipo iye amayankha zonse. Misomali ya m'chipinda chake ikadali yopanda kanthu, ndipo timagalimoto topindika tija mkazi wake anatiika m'beseni kuti adzukulu akabwera azisewera nato pansi.

Tsiku lina masana anakankha mwamphamvu pang'ono, kagalimoto kanafika kakuthamanga. Atelala anakagwira, anakayendera ndi chala padenga, n'kumuyang'ana mng'ono wawo ndi diso la kale lija.

"Pang'onopang'ono, iwe. Ungaononge."

"Ndamva, achimwene," anatero Kanyundo, n'kutambasula dzanja kudikira.